Chikwama Chopanda Chatsopano

Filomena mwana wanga,

Ndikulemba ndili pakhonde, dzuwa likadalipo, iwe wapita kukatsanzikana ndi anzako a kwaya. Abambo ako ali pampando wawo pafupi nane, akuwodzera. Dzanja lawo lakufa lija ndalifunditsa mpango wanga, poti lero kasokosi kawo kachikasu ka pankhonya sanavale. Udabwa kuti mayi ako akukulembera kalata chonsecho timagona nyumba imodzi ndipo timadyera mbale imodzi. Nanga nditani, Filo? Ndikangoyamba nkhani ya chikwama cha kuchipatala, iwe umakumbukira kuti mbuzi sizinamwe madzi. Dzana zinali mbuzi, dzulo kunali kuchigayo, lero m'mawa ati nkhuku yasowa, nkhukuyo ili pomwepo ikutola madeya pamapazi ako. Chabwino. Pepalali ukaliwerengere m'basi. Kuchokera ku Limbe mpaka ku Dedza palibe mbuzi yoti ukaimwetse.

Mawa amuna ako a Lusiyano akubwera kudzakutenga, ndipo ine sindikutsutsa. Nyumba imene awapatsa kuntchito kwawoko ili pafupi ndi chipatala chachikulu, komanso ndikudziwa kuti mtima wako sukufuna kukalowanso m'wodi ya ku mishoni kuno. Koma miyezi yako yatsala iwiri yokha, ndipo ine sindidzakhalapo. Chiwagwetsereni sitiroko abambo ako m'munda muja, ndani angawasambitse, ndani angawatembenuze, ndani angamve zimene akufuna ndi mawu awo atatu aja, eya, ayi ndi basi? Ukachira uli m'manja mwa anthu amene sindikuwadziwa ngakhale mayina, kudziko lakuti madzi a mumtsuko amaluma mano. Zimenezi zikundidya, mwana wanga, sindibisa.

Ndiye dzulo ndinasuzumira katundu wako. Usakwiye, amayi onse amasuzumira. Ndinapeza mapoto, mbale, nsapato zako za kutchalitchi, thumba la makaka a chinangwa oti ukawadyetse a Lusiyano, ngakhale lichero. Koma cha tsiku lalikululo palibe, ngakhale kansanza. Chifukwa chake ndikuchidziwa. Pa mimba yako yoyamba ija unagula timalaya pa kaunjika ku Limbe, unatichapa, unatiyanika pachingwe pabwalo ukuimba, kenako mwana anabadwa ali chete. Tikuchokera kokamuika, mkulu wanga, amayi ako aakulu a Rozina, ananena pagulu kuti, "Ana a masiku ano kufulumira. Mwana samugulira zovala asanabwere." Madzulo ake ndinaona utsi kuseri kwa bafa, ndinadziwa kuti timalaya tija tapita. Mawu a Rozina anakulowa ngati munga wa kuphazi, ndipo mpaka lero ukuyenda motsimphina. Tifikako kumeneko. Poyamba undilole ndikuseketse ndi uchitsiru wa mayi ako, chifukwa za zovala zokachirira ine ndinaziphunzira ndi manyazi, osati ndi nzeru.

Pa mimba ya achimwene ako a Petulo ndinali mtsikana wonyada, usandione lero ndi mpango wothimbirirawu. Telala wa pa Mbulumbuzi anandisokera diresi la mimba lobiriwira, lothina m'manja, la zipi kumsana kuchokera pakhosi mpaka m'chiuno. Matenda atayamba ine ndinati ayi, kuchipatala sindikafika ngati wochokera kudimba. Ndinalivala. Abambo ako anavutika kukoka zipi, ine ndikubuula, iwo akutukwana telala, mpaka inatseka. Anandikweza panjinga, ulendo wa ku mishoni. Kufika uko, nthawi yovula, zipi yakana. Yaluma nsalu pakati pa msana, kukwera ayi, kutsika ayi. Kunali asisitere ena anamwino, aafupi, a mawu ngati belu la m'mawa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa, "Mayi, mwabwera kudzachira kapena kudzajambulitsa?" Amayi ena m'wodimo, ndi ululu wawo womwewo, anaphulika kuseka. Asisitere anatenga sizasi, kweee, diresi langa pawiri. Ndinalira diresi kuposa mmene ndinalirira matenda.

Petulo atabadwa, chovala china chimene ndinali nacho chinali sikipa yothina ya khosi lozungulira. Mwana akulira njala, ine ndikulimbana kukweza sikipa mpaka kukhosi, msana wonse pamtunda, mphepo ikulowa pawindo. Abambo ako anali panja, poti amuna samalowa, koma anaona pawindo lomwelo mmene ndimavutikira. Anavula malaya awo a mabatani n'kundiponyera. Anapalasa njinga kubwerera kumudzi chifuwa chili pamtunda. Pamsika anthu anawaimitsa, ati, "A Dominiko, mwakumana ndi achifwamba?" Iwo ati, "Ayi, ndakumana ndi mwana wamwamuna." Malaya amenewo ndinawavala mpaka kutuluka m'chikuta, ndipo sindinavalepo chovala chanzeru kuposa chimenecho.

Ndiye tamvera, Filo. Chovala chokachirira chizitseguka kutsogolo, chizivulika ndi dzanja limodzi, chifukwa linalo lidzakhala ndi mwana kapena ndi singano ya madzi. Za zipi kumsana usiyire akwati. Ndipo ndikuuziretu tsopano, mtima usadumphe: chikwama ndakulongedzera kale. Ndi chabuluu chija Petulo ankapita nacho kusekondale, ndachiika pansi pa thumba la makaka. Mulibe chatsopano ngakhale chimodzi. Mulibe chimene chinagulidwa chifukwa cha mwana. Zonse zavalidwapo ndi anthu amoyo, ena mpaka kutopa nazo. Pamwamba pali malaya awiri a abambo ako, mabatani ndawalimbitsa. Akula, inde, akafika m'mawondo, ndiye ubwino wake. Mwana amalowa momwemo pachifuwa pako, n'kutseka mabatani, nonse awiri mufunda.

Tsiku lomwelo la Petulo ndinachitanso chachiwiri, poti chitsiru sichigwa kamodzi. Ndinatenga zitenje ziwiri zofiira zimene anandipatsa paukwati, zosachapa chigulireni, zonunkhira sitolo. Ndinkafuna anthu aone kuti kwathu sitivala nsanza. Iii, mwana wanga, nsalu yatsopano ndi youma gwa, madzi amangotsetsereka ngati patsamba la nthochi. Kumupukuta mwana, osauma. Kumukulunga, nsalu ikungophophoma, iye akulira. Patapita kanthawi ndinamufunyulula kuti ndimuone, ndinapeza msana wonse uli psuu. Ndinakuwa, "Magazi! Mwana wanga akutha!" Asisitere aja anabwera akuthamanga, anapaka chala pamsanapo, anachiyang'ana, anandiyang'ananso ine. "Utoto uwu, mayi. Mwana wanu ali bwinobwino, sitolo ndiyo yakupusitsani." Mayi wina wa pabedi loyandikana, wa ana asanu ndi mmodzi, anandipatsa chitenje chake chakale chosuluka, Petulo anagona pomwepo. Sindinamuonenso mayi ameneyo, koma ndimamuikabe m'pemphero.

Chitenje chabwino cha kuchipatala ndi chimene wachita nacho manyazi kupita nacho kumsika. Chochapidwachapidwa, chofewa, chakuda mtundu kuti zothimbirira zisamakuchititse manyazi pachingwe. Ndipo zimafunika zambiri kuposa mmene ukuganizira. China ugonera, china apukutira mwana, chimenecho sichimukulunganso poti chanyowa, akulunga ndi china chouma. China udzamangira mimba ukachira, china ung'amba kuti uzidzisamalira nacho magazi akamatuluka, ndipo usachimvere chisoni poching'amba, ntchito yake ndi yomweyo. Ndaika zonse zimene ndinali nazo zofewa, ndatsala ndi ziwiri zondikwanira. Chitenje cha mpingo chija usapite nacho kochira, sikuti ndi tchimo ayi, koma ndimakudziwa, ukhala ukuchisamala m'malo modzisamala wekha. Chisungire tsiku la ubatizo.

Pakati pa zitenjezo upeza china chimene sungachizindikire mtundu. Chimenecho ndiye unabadwirapo iwe. Unabadwa chaka cha kampeni, ndipo bambo wina amene ankafuna mpando wa kunyumba ya malamulo anabwera pabwalo la sukulu kudzagawa zitenje za nkhope yake. Ine ndale sindidziwa, koma nsalu yaulere ndimaidziwa. Ndinavala chitenjecho kumunda, kudimba, kumaliro, mpaka chinafewa ngati khutu la mbuzi. Tsiku lako ndinachiyala pabedi. Unafikira pamphuno penipeni pa bambo uja, ndipo ntchito yoyamba imene unagwira padziko lapansi ndi kumukodzera. Analuza. Abambo ako ankanena kuti mavoti ake unawakokolola ndiwe. Nkhope inasuluka kalekale, patsala makutu okha ndi taye, koma kufewa kwake palibe chinzake.

Chenjera ndi chingwe choyanikira cha kuchipatala. Amayi makumimakumi amayanika pamodzi, zitenje zofanana, aliyense wotopa, maso ali ndi tulo. Ine ndinaanula chitenje cha mwini wake ndikuyesa changa, mwini wakeyo anali mayi wa ku Nchema wa pakamwa ngati lezala, anandinyoza m'Chilomwe, m'Chinyanja, n'kumalizira m'Chiyao kuti aliyense amve. Ndiye pangodya pa chitenje chako chilichonse ndasokapo kaulusi kachikasu, kotsala pa kasokosi ka abambo ako kaja. Ukaona kachikasu, n'chako. Ukapanda kukaona, bweza dzanja.

China chimene palibe anandiuza n'chakuti mimba siituluka limodzi ndi mwana, imatsalira kaye kutsanzika. Pa iwe ndinatenga siketi yanga ya utsikana kuti ndidzavale potuluka, ndikuganiza kuti ndibwerera ngati bango. Siketi inafika m'ntchafu n'kuima. Ndinakoka, ndinapuma mpweya wonse, inati pano mpomwe. Ndinatuluka nditaikolowetsa ndi phini, pamwamba chitenje, panjira phini inamasuka n'kundibaya, ndinadumpha pakaliyala panjinga iwe uli m'manja, abambo ako anatsala pang'ono kutilowetsa m'munda wa chimanga cha eni. Potuluka uvale chomwe unkavala mimba ili yaikulu, palibe adzakuseke. Zamkati ugule wekha ku Dedzako, zazikulu, zakuda, za lastiki wosaluma, zofika pamwamba pa mchombo kuti mwina atakupanga opaleshoni zisamakhudze bala. Zimenezo ndi zako, si za mwana, ungagule masana dzuwa likuwala. Mapatapata osambira ndaika anga. Ndaikanso juzi yanga yabulauni ndi masokosi a Petulo a mpira, chifukwa munthu ukangochira thupi limanjenjemera ngakhale kukutentha, nanji ku Dedza mwezi wa Ogasiti. Lezala latsopano, pepala lakuda loyala pabedi, beseni ndi zina zimene chipatala chimafuna, ukafunse kusikelo tsiku loyamba, a Lusiyano agule. Safunsa anadya phula. Ndipo lezala si chovala, a Rozina omwe sangatsutse.

Tsopano khala bwino pampando wa basiwo, ndikuuze chimene sindinakuuzepo. Pakati pa Petulo ndi iwe pali mpata waukulu. Uli mwana unkafunsa chifukwa chake, ine ndinkati Mulungu anatanganidwa ndi mabanja ena. Panali mwana, Filo. Wamwamuna. Pa mimba imeneyo ndinamvera akulu chilichonse. Mwezi wachisanu ndi chiwiri utakwana, ngati mmene ulili iwemu, ndinafuna kuika tinsalu pamodzi, koma agogo ako ndi a Rozina anandiletsa. "Nthawi sinakwane. Ukakonzeratu umamuthamangitsa." Ndinasiya. Sindinagule kanthu, sindinasoke kanthu, ngakhale kupinda chitenje chimodzi n'kuchiika pambali sindinapinde. Tsiku lina la chiperoni, nkhungu itabisa phiri lonse, kamvula kakuwaza, ndili kumunda kukumba mbatata, nsupa inasweka. Abambo ako anali ku Limbe kuganyu. Amayi awiri a m'mudzi anandigwira m'mapewa, ulendo wapansi, koma sitinafike. Anabadwira m'mbali mwa njira, kuseri kwa nandolo wa eni ake. Analira, Filo, ndinamumva ndi makutu angawa. Kanali kamunthu kakang'ono, mutu wake wosaposa nkhonya ya abambo ako. Chomufunditsa panalibe koma chitenje chimene ndinavala, chonyowa ndi mvula, ndi mpango wa mmodzi wa amayiwo, wonyowanso. Pofika kuchipatala anali atazizira thupi lonse. Anamwino anayesetsa ndithu, sindiwadandaula. M'mawa mwake anapita.

Anakamuika amayi okhaokha, popanda nyimbo, ndipo anandiuza kuti wotere samulira, ungatseke njira ya wobwera pambuyo. Zomwezo anakuuza iwe. Ndinameza misozi, ndipo dzina limene ndinamupatsa mumtima ndimalidziwa ndekha ndi abambo ako. Kaya pakanakhala nsalu youma ndi chipewa akanakhala moyo, kaya ayi, adziwa ndi Mulungu, chifukwa anabwera msanga kwambiri. Ine sindinena zimene sindidziwa. Koma manja anga tsiku limenelo analibe kanthu, ndipo kuzizira kwa kamutu kaja ndimakumvabe m'chikhatho chiperoni chikayamba.

Ndiye taganiza wekha, iwe unapita kusukulu kuposa ine. Ine sindinagule kanthu, mwana anapita. Iwe unagula, mwana anapita. Pa mimba ya iweyo ndinati zakwana, ndinasoka matewera, ndinaluka chipewa, ndinapinda zitenje mwezi wachisanu, ndinabisa zonse mumtsuko wosweka kuseri kwa nkhokwe kuti agogo ako asaone. Ndipo si iwe uyu ukuwerenga kalata, ndi kamwa lako lalikululo ndi makani a abambo ako? Malaya sapha mwana, Filo. Adokotala anakuuza ine ndili pomwepo kuti magazi ako ankathamanga, ndipo mapazi aja anatupa tonse tikuona, tikumati ndi mimba imatero. Vuto linali limenelo, si timalaya pachingwe. Chimwemwe chako sichinaphe mwana wako. Ndibwerezenso, chifukwa ndiwe wosamva: chimwemwe chako sichinaphe mwana wako. Unali mayi wokondwa kuyembekeza mlendo, ndipo tsiku limene unkayanika timalaya tija unali wokongola kuposa tsiku la ukwati wako. Za magazi othamangazo ndiye uziope ndithu. Kusikelo usajombe. Mutu ukamapweteka, maso akamachita chidima, mapazi akatupa, usadikire kuti a Lusiyano aweruke, pita. Akakuuza kuti ukadikirire kuchipatala nthawi isanakwane, pita, usati nyumba itsala ndi ndani. Nyumba siyithawa.

A Rozina usawasungire mumtima. Ine ndinawasungira kale zokwanira tonse awiri. Sabata lomwelo ananena mawu aja ndinawapeza pamjigo, ndinawauza mawu amene sindingalembe papepala loti likagone pafupi ndi korona yako yopempherera. Dzinja lonse sitinagawane ndiwo. Koma Lachiwiri lapitali, iwe uli kusikelo, anabwera ndi chitenje chabuluu cha nsomba m'khwapa. Sanakhale pansi. Anaima apo akuyang'ana nkhuku, n'kunena kuti, "Ichi chafewa. Usamuuze kuti n'changa." Ndakuuza. Nawonso anataya awiri, Filo, ndipo palibe dokotala anawafotokozera chifukwa. Munthu akasowa womufunsa amagwira chilichonse chimene chili pafupi, ngakhale timalaya ta mwana wa mng'ono wake. Chitenje chawocho ndi chachikulu bwino, ukaberekere.

Sindikukupempha kuti uleke kuopa. Ine ndemwe ndikuopa, usiku ndimangotembenuka. Ndikukupempha kuti uope uli ndi chikwama. Ngati mtima ukukana kuchitsegula, usachitsegule. Ukachiike kuseri kwa chitseko, osati pansi pa katundu wina, ndipo uwaonetse a Lusiyano ndi mayi mmodzi woyandikana naye nyumba kuti tsiku likafika achinyamule. Tsoka silinunkha, mwana wanga, komanso mwana sapangana tsiku. Ukamapita kutali, kumsika waukulu kapena kutchalitchi cha kutali, chitenje chimodzi chouma chizikhala m'kachikwama kako ka m'manja. Chouma, wamva? Ngakhale uiwale zonse za m'kalata muno, za zipi, za utoto, za siketi, ichi chokha usaiwale.

Chatsala chinthu chimodzi, chili m'kathumba ka m'mbali mwa chikwama. Masana ano unafunsa kuti kasokosi ka abambo ako kali kuti, ine ndinati ndakachapa. Ndinanama, ndikalapa Loweruka.

Ukukumbuka mmene kanayambira? Linali sabata la Pasaka. Ndinamasula juzi yakale yachikasu ya abambo ako, ndinatenga masipoko awiri a njinga yawo ija yangokhala m'khonde, ndinkaluka iwe ukapita kumunda, ukamabwera ndimabisa pansi pa mkeka. Tsiku lomaliza, ndikumanga mfundo, unatulukira kuseri kwa nyumba ndi mtolo wa nkhuni, ine osakumva. Unaima. Nkhope yako inasintha, ndinaona magazi akuthawa. Unati, "Amayi, n'chiyani chimenecho?" Ndinadziwa kuti ukachizindikira uchiponya pamoto, ndipo sudzandikhulupiriranso. Pomwepo abambo ako, amene tonse timayesa akugona, anatambasula dzanja lamanzere, lamoyo lija, n'kundilanda. Anakoka dzanja lakufa, analiika pabondo, n'kuveka nkhonya. Anakuyang'ana, analimbana ndi lilime lawo, thukuta kuti kamukamu, mpaka liwu linatuluka. "Kuzizira." Chigwereni m'munda muja limenelo linali liwu lawo lachinayi, ndipo dzuwa linali likuswa mtengo. Iwe unaseka mpaka nkhuni zinagwa. Ine ndinalowa m'nyumba kukalira, chifukwa chitayireni mwana wako uja ndinali ndisanakumve ukuseka choncho.

Si sokosi, Filo. Sinakhalepo sokosi. Ndi chipewa cha mwana, ndipo muyeso wake ndinatengera pankhonya yomweyo, chifukwa mutu wa khanda ndimaudziwa kukula kwake. Abambo ako anadziwa kuyambira tsiku limene ndinawayeza ndi ulusi. Kuyambira Pasaka achivala tsiku lililonse osaphonya. Kotentha, chikhatho chikuchita thukuta, osavula. Ana a m'mudzi kuwatcha agogo a nkhonya ya chipewa, iwo kungoti eya. Tsiku lija tinawatengera ku Misa pakabaza, bambo mfumu anatsala pang'ono kuseka akuwapatsa Ukaristia, iwo anangokweza nkhonya yawo ndi dzanja linalo ngati akupereka moni. Ndikachichapa ankakhala maso ali pachingwe, ayi, ayi, ayi, mpaka chiume. Munthu wonyada uja, amene sankatuluka m'nyumba malaya osasita, walola kusekedwa ndi mudzi wonse miyezi yonseyi, kuti chipewa chikalambe.

Lero m'mawa, iwe ukufunafuna nkhuku yosasowa ija, anachivula okha. Anandilozera chikwama chabuluu. Ine ndinati, "A Dominiko, chiperoni changoyamba kumene, tsopano dzanjali lizizira zenizeni. Dikirani ndiluke china kaye." Anandiyang'ana ndi diso lija umalidziwa, n'kunena kuti, "Basi." Anachikankhira m'kathumba ndi zala zawo, n'kutseka zipi okha, zipi yoyamba m'banja muno kutseka popanda kutukwana telala.

Ndiye palibe angakunene, ngakhale mtima wako womwewo sungakunene. Sichatsopano. Sichinagulidwe. Ulusi wake ndi wa juzi yakale, ndipo chavalidwa kale, chachapidwa, chafewa, chikununkha fodya wa agogo ake pang'ono, uchichape kamodzi. Chavalidwa ndi munthu wamakani amene imfa inamugwira dzanja n'kulephera kumukoka. Mwana akangotuluka, akamupukuta, usadikire kuti usambe, usadikire a Lusiyano, usadikire kumva ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi. Muveke kumutu, umuike pachifuwa pako m'kati mwa malaya a agogo ake, utseke mabatani.

Ndikumva mawu ako kunjira, ukubwera ukutsanzikabe anthu, ndiye ndilekere pano ndisanagwidwe kachiwiri. Nandolo wayamba maluwa, wamuwisi sudya chaka chino, koma wouma ndikusungira. Uyende bwino, kachitsiru kanga kokoma. Amayi Maria, amene nawonso anachirira kutali ndi kwawo ndi nsalu zochepa, akhale pamutu pa bedi lako pamene ine sindingakhale. Tsikulo likadutsa, utumize chithunzi pafoni ya Petulo, abambo ako aone kumene chapita chipewa chawo. Ndawafunsanso posachedwapa ngati ndiwalukire china, poti ulusi watsala. Ati ayi. Nkhonya yawo idikira pamphepo mpaka aone mutu umene wachivala.

Ndine mayi ako amene unamutengera makani theka,
Sesiliya